Miyendo Yosamva

"Amayi, kodi ndani amauza miyendo kuti basi pakwana, isiye kukula?"

Kabatani anafunsa funso limeneli chaka chimene ankayamba sukulu, ataimirira pampando kuti mayi ake amuyeze yunifolomu. Mayi akewo, telala wa pakhonde la mashopu, anali ndi mapini pakamwa, tepi m'khosi, ndipo makasitomala ankadikira pabenchi. Anayankha zongofuna kuti mwana atsike msanga.

"Palibe amaiuza zimenezo. Imauzidwa kuti ikule. Yakoyi ndi yosamva basi, yatengera mwini wake."

Makasitomala aja anaseka. Mwanayo sanaseke. Anawerama n'kuyang'anitsitsa mawondo ake.

"Nanga yanu?"

"Nayonso ndi yosamva. Tatsika, anthu akudikira."

Telala anaiwala nkhaniyo tsiku lomwelo.

Iye anali wamfupi, koma osati ufupi uja anthu amangoti wachepa msinkhu ayi. Thunthu linali la munthu wamkulu, koma mikono ndi miyendo zinali zazifupi kwambiri, moti akalowa m'sitolo, wogulitsa ankangoona chipumi chokha pamwamba pa kauntala. Mwamuna wake, amene ankakonza mawailesi ndi mafoni m'kachipinda kogundana ndi shopu yake, anali chimodzimodzi. Kabatani nayenso anabadwa choncho. Nyumba yawo, kuseri kwa mashopuwo, anaikonza motsatira misinkhu yawo. Chogwirira chitseko anachitsitsa, mashelefu onse anali m'munsi, ndipo pa chopondera cha makina osokera anamangirirapo thabwa lokhuthala kuti phazi lizifika. Mlendo akalowa m'nyumbamo, wolakwika ankaoneka iyeyo.

Patapita zaka, Kabatani akudziwa kale kuwerenga ndi kulowetsa ulusi pasingano, telala anakhalanso ndi pakati. Namwino wa kusikelo atamuyang'ana, anafunsa za bambo a mwanayo, ndipo atamva kuti nawonso ndi aafupi anasiya kulemba. Anati apite kuchipatala chachikulu, ndipo apite onse awiri.

Dokotala wa kumeneko anali mayi wa imvi zapatalipatali, wolankhula pang'onopang'ono. Anawapatsa mipando, iwo n'kukwera, miyendo ili lendelende. Anafunsa za Kabatani, za opaleshoni imene anabadwira, ndiponso ngati panali wina amene anawafotokozerapo chimene chimachititsa ufupi wawo. Panalibe.

"Mwana akamayamba m'mimba sayamba ndi mafupa olimba," anatero dokotalayo, atagwira nsonga ya mphuno yake. "Amayamba ndi tofewa ngati apa. Tofewato ndi timene timatalika, kenako n'kumalimba. Maselo, munamvapo?"

"Tinaphunzira kusukulu yamadzulo," anayankha telala. "Tizidutswa tosaoneka ndi maso timene timapanga thupi."

"Eya. Maselowo amatumizirana uthenga, ena akuti kulani, ena akuti pindani apa, ena akuti lekani. Ndiye selo lililonse lili ndi tolandirira uthengawo pakhungu pake. Tingoti makutu. Pali khutu limodzi pa maselo a tofewa tija limene ntchito yake ndi kumva mawu akuti basi, pakwana. Mwa anthu ambiri limamva pokhapokha uthenga ukabweradi. Mwa inu awiri limamva mawu amenewo ngakhale palibe amene walankhula."

"Ngati wailesi yolira itazimitsidwa," anatero mwamuna uja motsitsa mawu.

"Ndendende, bambo."

Telala anayang'ana miyendo yake. Moyo wake wonse ankaganiza kuti thupi lake linakana kumvera. Tsopano ankauzidwa kuti linamvera mopitirira, linaima pamene panalibe woliimitsa.

Dokotala anapitiriza. Munthu aliyense, anatero, amalandira malangizo a khutu limeneli kawiri, ena kwa mayi, ena kwa bambo. Iwo aliyense anali ndi amodzi omva mopitirira ndi amodzi abwinobwino. Mwana amatenga amodzi kwa mayi, amodzi kwa bambo, ndipo sasankha. Akatenga abwinobwino okhaokha, amakhala wamtali. Akatenga omva mopitirira kuchokera mbali imodzi yokha, amakhala ngati Kabatani.

"Nanga akatenga kwa tonse awiri?" anafunsa telala.

Dokotala anaika cholembera pansi. "Ndi chifukwa chake ndakuitanani nonse. Akamva kawiri, si miyendo yokha imene imaima msanga. Nthiti nazonso. Chifuwa chimakhala chopanikizika, mapapo amasowa pokulira. M'mimba mwanu amakhala bwino, chifukwa mumamupumira ndinu. Vuto limayamba akabadwa. Ana otere ambiri sakhalitsa."

Kunja kwa chitseko winawake ankakankha kangolo ka mankhwala, gudumu limodzi likulira.

"Pa mimba iliyonse zili ngati kutola chimodzi pa zinthu zinayi, ndipo choipacho ndi chimodzi. Zitatuzo ndi moyo. Lero sindingadziwe, n'koyambirira. Koma mwana amene wamva kawiri, fupa lake la ntchafu limatsalira msanga. Amene wamva kamodzi, limatsalira kumapeto. Mudzabwere mimba ikadutsa theka, tidzaunike, tidzayeze."

Pobwerera, mubasi, mwamuna wake anayang'ana pawindo njira yonse. Atafika analowa m'kachipinda kake n'kuyatsa wailesi mokweza. Telala sanamuimbe mlandu. Anadziwa kuti ayamba kulankhula akapeza mawu, ndipo mawuwo iyenso analibe.

Masabata otsatirawo anali aatali. Sanauze munthu aliyense, ngakhale neba wake wasaluni, mayi wamtali wa mawu aakulu amene shopu yake inali kumanzere kwa ya telala ndipo nyumba zawo zinkagawana khoma limodzi. Wasaluniyo ankadziwa za pakatipo ndipo ankangoseka naye tsiku ndi tsiku.

"Aneba, mimba imeneyi ikukula cham'mbali kapena cham'tsogolo? Posachedwa tizikugubuduzani popita kusikelo."

"Zisiyeni, inu mumayenda ngati mzati wa magetsi koma palibe amakunenani."

Ankayankha choncho, koma pakamwa pokha. Makasitomala akachoka, ankatenga zitini ziwiri, china chake, china cha mwamuna wake, n'kuika batani loyera ndi lakuda m'chilichonse. Ankatsinzina n'kutola limodzi uku, limodzi uku. Loyera ndi lakuda. Oyera onse. Lakuda ndi loyera. Kenako akuda onse awiri, ali gone m'dzanja lake ngati maso. Ankawabwezera msanga n'kuyambiranso, ngati kuti kutola kwachiwiri kufafaniza koyambako. Ankadziwa kuti n'zopanda nzeru. Zimene mwanayo anatenga anatenga kale, iye asanadziwe n'komwe kuti ali ndi pakati, ndipo m'kati muja maselo ankatumizirana mauthenga awo usana ndi usiku popanda kumufunsa. Komabe zitinizo sankazisiya.

Tsiku lina kunabwera mayi ndi khanda lonenepa, akufuna kadiresi. Telala anazunguliza tepi pachifuwa cha khandalo, ndipo likupuma, tepiyo inkakoka n'kumasuka, kukoka n'kumasuka. Anawerenga nambala, n'kuiwala, n'kuyezanso.

"Mwadwala kodi, atelala?"

"Ayi, ndi kutenthaku."

Mwana wa m'mimba anali atayamba kugunda. Kugundako anthu amati n'kosangalatsa, koma telala ankangodzifunsa kuti mwendo umene wamenyawo ndi wautali bwanji.

Kabatani anali ndi chizolowezi chatsopano. Akaweruka kusukulu ankaponya chikwama pansi, n'kukhala pa kampando pafupi ndi makina, n'kugunditsa pakamwa pamimba ya mayi ake n'kumanong'ona. Telala sankamva zimene ankanena, chifukwa makina ankalira, chowumitsira tsitsi cha kusaluni chinkalira, wailesi ya mwamuna wake inkalira. Ankangoti ndi masewera a ana.

Ndiye masana ena magetsi anazima. Chowumitsira chinasiya, wailesi inasiya, ndipo telala anali atachotsa phazi pa chopondera kuti asinthe ulusi. Pakhonde ponse panangoti zii. M'menemo ndi mmene anamva mawu a mwana wake, omveka bwino, odekha ngati a mphunzitsi.

"Iwe, uzimva, wamva? Usakhale ngati ine ndi amayi ndi adadi. Akakuuza chinthu, umve. Umve ndi makutu onse awiri. Umve kawiri."

Dzanja linapita lokha. Mbama inalira pa tsaya la mwanayo, kampando n'kugwa, chitini chimodzi n'kugubuduka, mabatani n'kumwazika pasimenti.

"Khala chete! Ndani wakutuma? Usadzanenenso, wamva? Usadzanenenso!"

Kabatani sanalire nthawi yomweyo. Anayang'ana mayi ake ndi maso aakulu, dzanja lili patsaya, kenako anathamangira kusaluni. Telala anatsala atagwira mimba ndi manja onse awiri, ngati akutseka makutu a amene anali m'katimo. Anadziwa bwinobwino kuti mawu a mwana sangalowe m'maselo. Anadziwa. Koma ankamva ngati temberero lalankhulidwa m'nyumba mwake, ndipo walilankhula ndi mwana wake yemwe.

Sipanapite nthawi, pakhomo panada. Anali wasaluni, chipeso chili m'tsitsi mwake, atawerama kuti alowe.

"Aneba, mwanayu chibadwire sindinamvepo mukumumenya. Lero walakwa chiyani?"

"Ndi nkhani ya m'nyumba."

"Khoma lathu ndi limodzi, nkhani za m'nyumba mwanu ndimagona nazo. Bambo a Kabatani masiku ano sakuseka, inu mukuonda pamene mimba ikukula. Mukuganiza kuti ndilibe maso? Tanenani."

Anakhala pansi penipeni, pasimenti, kuti nkhope zawo zifanane. Ndipo telala ananena zonse: tofewa tija, khutu lomva popanda wolankhula, nthiti, mapapo, chimodzi pa zinayi. Wasaluni sanamudule mawu, chinthu chimene sichinachitikepo. Anangotola mabatani mmodzimmodzi n'kumawaika m'chitini.

"Ndiye mwana akuti umve kawiri," anatero pomaliza. "Mayo ine."

"Ndikudziwa kuti sizilowa. Koma nditamva..."

"Ine ndikanakomoka. Koma aneba, mukudziwa chimene mwanayu amanenera zimenezi? Amandiuza ndikamamuluka. Akuti munamuuza nokha kuti miyendo yake ndi yosamva, inatengera mwini wake. Kusukulu aphunzitsi akakalipa kuti ana inu ndinu osamva, iye amabwera kuno kudzaima pa galasi langa, kuona ngati wafupikanso. Ine ndinkaseka, ndimati ndi nthabwala. Mwanayu akuganiza kuti ufupiwu anaupalamula yekha. Akufuna mng'ono wake asapalamule."

Telala anakumbukira mpando uja, yunifolomu, mapini pakamwa. Anafuna kudzuka kuti apite kusaluni, koma sanadzuke. Akamuuza chiyani? Kuti usamuuze kuti amve, chifukwa akamva kawiri afa? Mwana angasenze zimenezo?

"Ndimuuza tikabwerako kounika," anatero. "Ndikadziwa choti ndinene."

Madzulo anamupepesa Kabatani chifukwa cha mbama, n'kumupaka mafuta patsaya. Mwanayo anavomera, koma kuyambira tsiku limenelo ankaika chikwama chake mwaulemu n'kukakhala kusaluni. Mimba sankayiyandikiranso.

M'mawa wa tsiku lounika, mwamuna wa telala anavala malaya ake abwino, anafika mpaka pakhomo, n'kuima. Anati pali wailesi ya munthu imene analonjeza kuti itha lero. Ankalankhula akuyang'ana nsapato zake, milomo ili gwa. Telala anamuyang'ana n'kuona kuti munthuyu akakwera basi akagwa panjira.

"Tsalani, bambo a Kabatani. Mwana akaweruka apeze munthu pakhomo."

Wasaluni anali atamva kale kudzera pakhoma. Anatuluka akumanga mpango, anakhoma saluni ndi loko, n'kuuza mtsikana amene ankadikira kulukidwa kuti tsitsi silithawa.

Chipinda chounikira chinali chozizira, makatani otseka. Bedi linali lalitali, ndipo kampando kopondera pokwera kanali katapita kuchipinda china. Wasaluni anagwada bondo limodzi n'kumenya ntchafu yake.

"Pondani apa, aneba. Utali wangawu ugwireko ntchito lero."

Dokotala wa imvi uja anathira mafuta ozizira pamimba n'kuyamba kuyendetsa kachipangizo kake. Pa galasi la makinawo panaoneka zotuwa ndi zakuda, zikusuntha ngati utsi. Telala anaona mutu, kenako msana ngati mzere wa timikanda, kenako kanthu kakuphethira mofulumira pakati.

"Mtima uwo," anatero dokotala. Kenako anasiya kulankhula.

Anafunafuna mpaka anapeza kamzere koyera. Anaika kachizindikiro kunsonga imodzi, kena kunsonga inayo. Anayang'ana nambala. Anafafaniza. Anasuntha dzanja, n'kuyezanso.

Telala anatseka maso. Ntchito yoyeza ankaidziwa. Munthu ukayeza kamodzi n'kulemba, ndiye kuti zili bwino. Ukabwerezanso, pali chimene sichikukukhalira. Anamva makina akulira kachitatu. Anaganiza za kachifuwa kopanikizika ngati malaya osokedwa mopereweza nsalu, za kamwa likutseguka kufuna mpweya umene ulibe polowa. Anaganiza za thewera limene anali atabisa pansi pa nsalu za makasitomala, losapinda m'mphepete, chifukwa ankaopa kulimaliza. Dzanja la wasaluni linali litagwira phazi lake, ndipo linali lonyowa ndi thukuta.

"Adokotala," anatero wasaluni, mawu ake aakulu aja atachepa, "tanenani kanthu, tifa ndife."

"Pepani. Mwanayu sakukhazikika, akungoponda. Ndimafuna fupa ligone bwino ndisananene." Anatembenuza galasi lija. "Mayi, tsegulani maso. Ili ndi fupa la ntchafu. Ndayeza miyendo yonse iwiri. Lili pamene liyenera kukhala pa msinkhu uno wa mimba. Ichi ndi chifuwa, izi ndi nthiti. Mtima uli ndi malo, mapapo ali ndi malo."

"Ndiye kuti..."

"Akanakhala kuti watenga kwa nonse awiri, pofika pano fupali likanatsalira moonekeratu. Sindikuona zimenezo. Kaya akhala ngati inu kaya wamtali, zimenezo tidzaziona kutsogolo. Muzibwerabe, ndizimuyeza mpaka kumapeto, chifukwa ine ndimakhulupirira mwana ndikamumva akulira. Ndipo kubereka kwake ndi opaleshoni, monga poyamba paja. Koma chimene chija tinkaopa, lero sindikuchiona."

Telala sanalire. Anapempha kuti amuonetsenso nthiti, ndipo anaziyang'ana nthawi yaitali, tizingwe toyera topindika bwino, totakasuka. Amene analira anali wasaluni, mokweza, mpaka namwino anasuzumira pakhomo.

Panja dzuwa linali litakwera. Anakhala pa benchi ya pamalo odikirira basi, wina mapazi ali pansi, wina ali m'malere. Telala anaimbira mwamuna wake foni. Atamuuza, kumbali inayo kunangomveka wailesi ikuzimitsidwa, kenako kupuma kwa munthu amene wakhala pansi mwadzidzidzi.

Anadula foni. Mantha sanachoke onse. Anangosuntha pang'ono, ngati munthu wopereka malo pabenchi koma osanyamuka.

"Mwamva mmene anenera, aneba," anatero telala. "Akuti amakhulupirira akamumva akulira."

"Ndamva."

"Ulendo uliwonse azidzayeza, ine ndizidzafa chonchi. Bambo a Kabatani mwawaona nokha, mtima wawo ndi wa pepala. Sindingathe kulowa m'chipinda chija ndekha."

"Ndani wanena za nokha? Bedi lija mungakwere bwanji popanda bondo langa?" Wasaluni anamina ndi nsonga ya mpango. "Tamverani. Ulendo uliwonse wounika ndizitseka saluni. Tsiku la opaleshoni ndidzaima pakhomo pa chipindacho, andithamangitse ndi tsache ngati akufuna, sindidzachoka mpaka nditamva kulira ndi makutu angawa. Akadzakhala wamtali, womutsitsa mumtengo ndidzakhala ine. Zimenezo ndalonjeza. Koma nanunso mundilonjeze chimodzi."

"Chiyani?"

"Kabatani. Lero lomwe, musanagwire makina, musanagwire poto. Mumukhazike pansi, mumuuze kuti miyendo yake sinalakwe kanthu, ndipo iyenso sanalakwe. Funso lake lija anafunsa bwino, amene anayankha molakwika ndinu. Mumuuze za khutu lija mmene adokotala anakuuzirani. Ndipo mumubwezere pamimbapo, azilankhula ndi mng'ono wake."

Basi inatulukira pakona, ikulira hutala. Telala anatsetsereka pabenchi mpaka mapazi anagunda pansi, n'kugwira dzanja la neba wake, limene linali pa msinkhu wa phewa lake.

"Ndimuuza lero. Ndalonjeza."

"Mwamva bwinobwino?"

"Ndamva, aneba."

"Kamodzi kokha basi," anatero wasaluni, akumuthandiza kukwera. "Kawiri ayi."